Mango a Mnansi Wanga pa Ulendo wa ku Lusaka

Pa malire a Cassacatiza, pochoka kwathu ku Mozambiki kulowa m'Zambia, ndinachita manyazi ndisanaponde n'komwe dziko la eni. Ndinali nditavala kazako yanga, jekete imene ndinasoketsera tsiku limene ndinapuma pa ntchito, nsapato nditazipaka mafuta ophikira chifukwa polishi anali atauma, ndipo m'thumba la pamtima munali buku langa lakale lopanda chikuto, momwe ndimasungamo mapepala onse ofunika. Wapawindo atatambasula dzanja kufuna pasapoti, ndinatsegula bukulo mwaulemu ngati padiri pa guwa, n'kusolola pepala, n'kumupatsa ndi manja awiri. Analiyang'ana, analitembenuza, kenaka anaitana mnzake kuti adzaone. Linali khadi lolandirira ufa la ku kampu ya othawa nkhondo, lija tinkaima nalo pamzere ku Zambia, mabowo ake a mwezi ndi mwezi ali momwemo.

"Madala," anatero, "ufa uja unatha kalekale. Kapena mwamva kuti ayambanso kugawa?"

Mzere wonse kumbuyo kwanga unaseka, ngakhale mayi wina amene anabereka mwana ndi nkhuku nthawi imodzi. Pasapoti ndinakaipeza pa tsamba lonena za mitsinje ya kutali, itabisala ngati nayonso ikuchita manyazi ndi mwini wake.

Ndifotokoze za bukuli, chifukwa ndi limene linandiyendetsa. Ine sindinakhalepo pa benchi ya sukulu. Zilembo ndinaziphunzira ku kampu, pa matumba a ufa, ndikufunsa aliyense wodutsa kuti ichi chikuti chiyani mpaka anthu anayamba kundizemba. Kenaka ndinatola buku la maiko limene osuta fodya anali atalidya kutsogolo ndi kumbuyo, moti kwa ine dziko lapansi limayambira pa tsamba la makumi awiri ndipo limathera pakati pa chiganizo. Titabwerera kwathu ku Chifunde mtendere utabwera, anandilemba ukontinyu pa sukulu, ndiye kuti wosesa, womenya chitsulo cha nthawi ndi wonyamula makalata. Ntchitoyo ndinaigwira mpaka mawondo anakana. Zaka zonsezo ndinkafotokozera anzanga za mizinda ya m'buku langa molimba mtima, mwakuti ambiri ankayesa kuti ndinafikako. Sindinawanamize, koma sindinawawongolenso. Zoona zake n'zakuti ku Zambia ndinakhalako zaka zonse za nkhondo osaona tauni, kupatula timadenga timene tinkaoneka pa mipata ya matabwa a lole. Choncho nditapuma ntchito, mwana wa mlongo wanga amene amayendetsa galimoto ku Lusaka atandiitana, ndinati ndipite ndikaone ngati zimene ndakhala ndikuuza anthu zilikodi.

Kutatsala tsiku limodzi kuti ndinyamuke, anabwera amayi a nyumba yoyandikana ndi yathu, amasiye, amene tinathawa nawo limodzi n'kubwerera nawo pa lole imodzi. Mwana wamkazi anali naye mmodzi yekha. Mwanayo anakwatiwa ku kampu ndi kalipentala wa ku Zambia, ndipo tsiku limene malole anabwera kudzatitenga anatsala, akunena kuti abwera akakolola. Anthu akolola kangati chichokere tsiku limenelo, sindiwerenga. Kalata anatumiza imodzi yokha, yochokera ku Chipata, yodzera kwa katekisita wa kumeneko. Kalatayo ndinkaidziwa pamtima, poti wowawerengera ndinali ine, chaka ndi chaka, pakhonde pawo.

Nkhani inali ya munda. Kwathu munda umatsata mwana wamkazi, ndipo munda wa amayiwo, wa m'mbali mwa mtsinje, unali kudikira mwana uja. Ankaulima okha, mizere yochepa chaka chilichonse, kuti anthu asati wasiyidwa. Koma mwana wa mng'ono wawo, mayi wa ana asanu wolima pa miyala, anali ataupempha kawiri, ndipo abale atakhala pansi anagwirizana kuti mvula ikagwa nkhaniyi ithe. Ndiye amayiwo anandiuza kuti ndikamupeze mwana wawoyo ndikamufunse chinthu chimodzi: abwera, kapena munda aupereke? Atatero anandipatsira kamtolo ka kapulana wakale wofiira, nsalu imene ena amaitcha chitenje. M'katimo munali mango asanu ndi awiri, aawisi, a mtengo umene mwanayo anabzala pakona pa munda uja adakali kamtsikana. Ndinawauza kuti ku Zambia mango aliko. Anandiyang'ana ngati mmene aphunzitsi ankandiyang'anira ndikamenya chitsulo nthawi isanakwane, ndipo ndinanyamula kamtoloko.

Tauni yoyamba inali Katete. Ndinaiona ngati tauni imene inaima pamzere m'mbali mwa msewu kudikira galimoto yoti iinyamule, koma galimoto zake zimangodutsa. Ine, monga munthu woleredwa, ndinayamba kupereka moni kwa aliyense pa siteji ya basi. Woyamba anagwedeza mutu, wachiwiri anagwira thumba lake mwamphamvu, wachitatu anafuna kundigulitsa zipeso. Mmodzi yekha ndi amene anandiyankha moni wathunthu, nafunsa za kunyumba, za ana ndi za mvula, ndipo ndinayamba kuganiza kuti ulemu sunafe. Atachoka, mayi wogulitsa mazira anandiuza kuti ameneyo ndi wamisala wa pa siteji. Ndinatulutsa kaderno yanga, kabuku kolembamo, n'kulemba kuti m'tauni moni anatsala ndi amisala. Pamenepo ndinayambanso kukopera zikwangwani zonse zimene ndinkakwanitsa kuwerenga, chifukwa munthu wophunzira pa matumba akaona zilembo pakhoma amakhala ngati mbuzi yalowa m'dimba.

Ku Chipata kunandidabwitsa njinga. Kwathu munthu wamkulu akanyamulidwa kumbuyo kwa njinga ya mnzake, ndiye kuti akudwala kapena waledzera, ndipo anthu amasiya makasu kudzafunsa. Kumeneko njinga zili ndi kamtsamiro kumbuyo, ndipo abambo a mataye amakhalapo mwaulemerero, wina mpaka akuwerenga nyuzipepala, mnzake akutuluka thukuta kutsogolo. Nanenso ndinakwera, mango ali pamiyendo, koma njira yonse ndinkangoyembekeza kuti wina afuule kufunsa kuti chandigwira n'chiyani. Ndinaonanso sitolo yogulitsa nsapato zokhazokha, ndipo zonse zoikidwa panja zinali za phazi lakumanzere. Ndinaima nthawi yaitali. Kwathu, kumene mabomba a m'nthaka anasiya anthu ena ndi mwendo umodzi, sitolo yotereyi ikanakhala ya nzeru, koma kuno aliyense ankayenda ndi miyendo iwiri. Mwini sitolo anandimasulira kuti inzake amaibisa m'kati poopa akuba. Ndinalemba kuti m'tauni ngakhale nsapato saikhulupirira kuti ingakhale ndi mnzake.

Katekisita uja ndinamupeza, atakalamba kuposa kalata yake. Mwanayo ankamukumbukira bwino, anati ankaimba kwaya ndipo liwu lake linkafika kumsewu, koma anasamukira ku Lusaka ndi mwamuna wake kalekale. Anandilembera dzina la komboni ndi la tchalitchi chimene ankaganiza kuti amapemphera. Pomasula kamtolo kaja kuti ndiikemo kapepalako, ndinapeza mango awiri atafewa. Limodzi ndinapatsa katekisita pothokoza, linalo ndinadya ndekha, ndikudziuza kuti sindikuba koma ndikupulumutsa. Anatsala asanu.

Basi ya ku Lusaka inandiphunzitsa kuti mango sadziwa kusunga chinsinsi. Ndinawaika pansi pa mpando, osadziwa kuti pansi pomwepo m'pamene pamatentha, ndipo titatsikira m'chigwa cha Luangwa, dzuwa lili pamutu, basi yonse inkanunkhira munda wa mnansi wanga. Anthu ankatembenuka kufunafuna mwini fungo, ine ndikuyang'ana pawindo ngati munthu wa maganizo akuya. Bambo amene ndinakhala naye anandilozera mapiri a kumanzere n'kunena kuti kuseri kwake ndi Mozambiki. Ndinadabwa kuti ndayenda theka la tsiku koma dziko lathu likunditsatirabe m'mbali ngati galu wokana kutsala pakhomo. Pofika ku Lusaka awiri ena anali atasanduka madzi. Anatsala atatu, ndi kapulana wonyowa.

M'buku langa muli chithunzi cha Lusaka: msewu wotakata, mitengo iwiri ndi galimoto zitatu. Chithunzicho ndinachionetsa kwa anthu ambiri ku Chifunde. Ndinapeza kuti galimoto zitatu zija zinaswana, ndipo zidzukulu zake zinadzaza msewu wonse, zikulira ngati ng'ombe za pa dibi. Mwana wa mlongo wanga anandigwira dzanja powoloka, ine amene ndinamuphunzitsa kuwoloka mtsinje. Anandionetsa mzati wa nyali zitatu umene umalamulira zonsezi. Ulibe pakamwa, ulibe ndodo, sudziwa mwana wa yani, koma ukafiira, mabwana a mimba zawo amaima n'kudikira. Ine ndinamenya chitsulo cha sukulu zaka zambirimbiri ana a anthu osandimvera, ndiye mzatiwo ndinauvulira chipewa. Chipewa chomwecho chinagwa chokha nditayesa kuwerenga mawindo a nyumba ina yaitali, ndipo pochitola ndinaiwala pamene ndinalekezera.

Kumene kumakhala olemera nyumba sizioneka. Kumaoneka makoma, pamwamba pake mabotolo oswa, ngati eni ake anamwa n'kukwiya. Pa zipata zambiri panali chithunzi cha galu. Ku ofesi za boma kwathu chithunzi chopachikidwa pakhoma chimakhala cha wolamulira, choncho ndinafunsa ngati galuyo ndiye mwini nyumba. Mwana wa mlongo wanga anaseka mpaka kutsamira khoma, koma atapukuta misozi anati sindinalakwitse kwenikweni, poti galu amakhala pakhomopo tsiku lonse pamene bwana amangobwera kudzagona. Ndinaganiza za ife amene tinakhala zaka m'kampu tikulota tsiku lotuluka, ndi awa amene akapeza bwino amadzimangira kampu yawoyawo n'kudzitsekera. Kumene ankakhala mwana wa mlongo wanga kunalibe vuto limenelo. Makoma ake anali opyapyala mwakuti ndikayetsemula, wa nyumba ina ankandipepesa, ngakhale m'mawa mwake tikakumana pa mpopi sankandipatsa moni.

Lamulungu tinapita ku tchalitchi chija. Misa itatha ndinafunsa amayi a bungwe, ovala nsalu zofanana, za mayi wochokera ku Mozambiki wokwatiwa ndi kalipentala. Apa ndiye ndinaona kuti mudzi sufa, umangobisala. Anayamba kukangana okhaokha, wina akuti ndi uja wa liwu, wina akuti ayi ndi uja wamfupi, mpaka wamkulu wawo anagamula kuti ndi wa liwu, amabwera Misa yoyamba, ndipo pano ali kumsika. Anatilozera mzere wake.

Mwana wa mnansi wanga uja tinamupeza atakhala kumbuyo kwa milu ya mango. Mango akuluakulu, osalala, oikidwa mwaluso, ena m'madengu mpaka pansi pa tebulo. Ine ndinaima pamenepo ndi kazako yanga ndi mango atatu otuwa, amene ndinawanyamula masiku anayi kudutsa malire a dziko, ndipo ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Ndisanatsegule pakamwa, iye anaona kapulana uja. Sanayang'ane nkhope yanga. Anadzuka pang'onopang'ono, nagwira nsaluyo ndi zala ziwiri, ndipo kenaka m'pamene anakweza maso n'kufunsa ngati sindine bambo uja wowerenga matumba a ufa. Ndinavomera, ngakhale ndinkayembekeza kukumbukiridwa ndi dzina lina.

Anafunsa ngati amayi ake ali moyo. Nditati ali moyo ndipo akulimabe, anakhala pansi, namasula mfundo. Anasankha bango limodzi, lophwanyika mbali, nalinunkhiza nthawi yaitali, kenaka nayamba kulidya pomwepo, ndi pobvunda pomwe, madzi akutsika mpaka m'zigongono, ogula akudikira. Misozi inayamba kutsika nayo. Mwamuna sayang'anitsitsa mwana wa mnzake akulira, choncho ndinatembenuza maso. Moyang'anana ndi tebulo lake panali chikwangwani cha sing'anga, cholemba matenda onse amene amachiza, kuyambira chifuwa mpaka kusakondedwa ndi bwana. Ndinatulutsa kaderno. Ndinkati ndingodzibisa nayo, koma mndandandawo unali wautali ndi wokoma, ndipo ndinaukopera wonse.

Atatha ndinamufunsa funso lija monga anandipatsira, osawonjezera mchere. Anayamba kupukuta njere ya bango lija ndi nsonga ya nsalu.

"Mukawauze kuti aupereke," anatero. "Ana anga sadziwa khasu, ndipo bambo awo ntchito yawo ili kuno. Ndinkati chaka chino, chaka chino, mpaka ndinachita manyazi."

Ndinamufunsa chifukwa chimene sanalembere kalata yonena zimenezi.

"Owerenga kalata ndinu, bambo. Liwu lanu ndikulidziwa. Ndikanalemba kuti sindibwera, amayi akanamva pamodzi ndi mudzi wonse."

N'zoona kuti ndikamawerenga ndimafuna kuti ndi akumbuyo omwe apindule. Njere ija anaimanga pa nsonga ya nsalu yake, kapulana wakale uja anamusunga, ndipo anandipatsa nsalu yatsopano yoti ndikapatse amayi ake. Anandipempha kuti ndipite naye kunyumba ndikaone ana, akatseka malonda. Koma masana amenewo mwana wa mlongo wanga anali atalonjeza kukandionetsa sitima ya pamtunda, imene m'buku langa ili pa tsamba long'ambika pakati, mutu wokha wopanda mabogi. Ndinati ndibwera mawa. Sitimayo tinaidikira mpaka dzuwa kupendeka, ndipo sinabwere. Ndinaona njanji zokha, zimene ndinazilemba kuti n'zowongoka bwino. M'mawa mwake kunapezeka lole ya mnzake wa mwana wa mlongo wanga yopita ku Katete, yonyamuka nthawi yomweyo, ndipo ndinakwera. Kunyumba kwa mwana uja sindinafikeko.

Pobwerera ndinapereka pasapoti yeniyeni, koma wapawindo uja anandizindikira, nandifunsa ngati ufa ndinaupeza. Mvula yoyamba inali itagwa, msewu wa kwathu ukununkhira dothi. Njira yonse ndinkakonza mawu. Ndinkati ndiyambe ndi kukula kwa mzinda, ndipitirize ndi kuvuta kwa maulendo, kenaka nditchule kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo pamapeto pake, mtima wawo utafewa, ndiike nkhani ya munda pansi pang'onopang'ono ngati dzira.

Ndinawapeza pakhonde akusenda mtedza wa mbewu. Ndinakhala pa mpando, ndinatsokomola, ndinayamba za mzati wa nyali zitatu. Sanandilole kufika pa ng'ona. Anaona nsalu yatsopano ili m'manja mwanga m'malo mwa kapulana wawo, ndipo anafunsa kuti wati aupereke, si choncho? Ndinavomera. Anapitiriza kusenda mtedza, mitedza isanu kapena isanu ndi umodzi. Kenaka anatuma uthenga kwa mwana wa mng'ono wawo kuti mawa abwere ndi makasu ayambe kuunga mizere, koma mtengo wa mango wa pakona asaukhudze, chifukwa umenewo uli ndi mwini wake.

Ndinkayesa kuti ntchito yanga yatha, koma m'pamene inkayamba. Anafunsa ngati mwanayo wanenepa kapena waonda. Ndinati ali pakatikati. Anafunsa ngati imvi zayamba. Ndinati anavala duku, ngakhale sindinali wotsimikiza. Anafunsa za dzino lake lakutsogolo limene linathyoka ku kampu, ngati analikonzetsa. Anafunsa kuti ana alipo angati, aakazi angati, wamkulu akufanana ndi yani, nyumba yake ndi yofolera ndi chiyani, mwamuna wake amamuyang'ana bwanji. Pa funso lililonse ndinkatsegula kaderno ngati kuti yankho lingamere m'menemo. Munali masamba khumi ndi awiri a zikwangwani, nsapato zakumanzere, agalu a pa zipata, ndi matenda onse a sing'anga uja mwadongosolo lake. Chimene ndinatha kunena ndi mtima wonse chinali chimodzi: kuti bango lija analidya lonse, ndi pobvunda pomwe, ndipo njere anaisunga.

Anandiuza kuti ndibwereze zimenezo, ndipo ndinabwereza. Anatenga nsalu yatsopano ija, naifunyulula, naiyang'ana padzuwa, naipindanso. Kenaka anakankhira lichero la mtedza kwa ine kuti manja anga asakhale chabe.

"Ndinatuma maso, koma anakathera pa makoma," anatero. "Chaka chamawa mango akayamba kuyezuka, mudzavalenso kazako yanuyo. Inu mudzikawerenga zikwangwani kuti tisasochere, ndi kundinyamulira mtolo. Zoona ndikaona ndekha. Koma buku lanulo mudzalisiye kunyumba, ndamva kale zimene munachita pa malire."